Kanyumba ka Thermostat: Kanthu Kakang'ono Kosunga Moyo wa Injini

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuŵa litakwiya, munthu wokwera mapiri kuchokera pa Thabwa ku Chikwawa kulinga ku Blantyre salephera kuona galimoto itaima m'mbali mwa msewu, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo. Zomwezo zimaoneka pa chikweza cha Chiweta ndiponso pa msewu wa Khwekhwelere wochokera ku Golomoti kukwera ku Dedza. Eni galimoto ambiri amaloza chala dzuŵa. Koma kaŵirikaŵiri gwero la vutolo ndi kanthu kokwana m'dzanja limodzi, kamene amakaniko amakatcha thermostat housing, ndiye kuti kanyumba m'mene mumakhala thermostat. Nkhani ya lero ikufotokoza ntchito ya kanyumba kameneka, m'mene kamaonongekera, ndi m'mene kamasinthidwira.

Injini ikamalira, petulo kapena dizilo amayaka m'kati mwake, ndipo moto umenewu umatenthetsa zitsulo kwambiri. Pampu imazunguliza madzi m'tinjira ta m'kati mwa injiniyo nkuwapititsa ku rediyeta, kumene mphepo imawaziziritsa asanabwerere. Komatu injini siifuna kuzizira kwambiri, monga momwe siifunira kutentha mopitirira muyeso. Mlonda wa pa chipata cha madziwo ndiye thermostat. M'kati mwake muli phula lotsekeredwa m'kachitsulo. Madzi akatentha, phulalo limasungunuka ndi kufufuma, nkukankha kandodo kamene kamatsegula khomo. Madzi akazizira, sipuling'i imabweza khomolo. Luso limeneli adalitulukira Sergius Vernet m'zaka za m'ma 1930, ndipo likugwirabe ntchito m'galimoto zambiri mpaka lero. Thermostat zambiri zimayamba kutseguka pa madigiri 82 kapena 88, ndipo nambala yake imakhala yodindidwa pa chitsulo chake chomwe.

Kanyumba ka thermostat kamapezeka pamene paipi yaikulu ya labala yochokera ku rediyeta imalumikizana ndi injini, ndipo kamamangidwa ndi mabauti aŵiri kapena atatu. Pa injini zina kali ku paipi ya pamwamba, pamene pa zina, monga zambiri za Toyota, kali ku paipi ya pansi. Pa galimoto zakale kadali ka chitsulo kapena aluminiyamu. Pa zambiri zatsopano ndi ka pulasitiki yolimba, ndipo pena kamagulitsidwa pamodzi ndi thermostat yake, osasiyanitsika.

Kanyumbaka kamaonongeka pang'onopang'ono. Ka aluminiyamu kamadyeka, makamaka mwini galimoto akazoloŵera kuthira m'rediyeta madzi okhaokha a pa mjigo kapena a pa chitsime, amene amakhala ndi mchere wa m'nthaka. Ka pulasitiki kamauma chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku, mpaka kamachita mng'alu kapena kupindika. Nayo gasiketi, kapena kamphete ka labala kotseka pa mlumikizo, imatopa. Zizindikiro zake sizibisika kwa munthu watcheru: zoyera, zobiriŵira kapena zofiirira zouma ngati mchere m'mbali mwa kanyumbako, madontho pansi pamene galimoto idagona, kafungo kotsekemera injini ikatentha, madzi kuchepa sabata ndi sabata, ndi kamuvi ka geji kukwera kuposa masiku onse.

Wina angafunse kuti kodi timadontho tiŵiri tingaphe bwanji injini. Yankho lili pa chitsekerero cha rediyeta. Chitsekererocho chimapanikiza madzi m'kati kotero kuti saŵira mpaka atafika pafupifupi madigiri 120. Madzi osapanikizidwa amaŵira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo malo akakwera amaŵira msanga. Ku Dedza, kumene nkokwera mamita pafupifupi 1,600, amaŵira pa madigiri pafupifupi 95. Tsono injini yabwinobwino imagwira ntchito madzi ake ali pa madigiri 85 mpaka 95. Nkuona apa kuti kanyumba kakang'aluka, kupanikizika kuja nkutha, madzi amayamba kuŵira injini ikangolimbana ndi chikweza. Nthunzi siichotsa kutentha monga amachitira madzi. Mutu wa injini, umene pa galimoto zambiri ndi wa aluminiyamu, umapindika; gasiketi yake imapsa; madzi amasakanikirana ndi oyilo mpaka oyiloyo amaoneka ngati tiyi wamkaka. Pamenepo ndalama zokonzera zimaposa mtengo wa kanyumba kaja kambirimbiri, ndipo ngati ndi minibasi kapena lole, banja lonse lodalira galimotoyo limagona ndi nkhaŵa. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

Pali chizoloŵezi china chimene chafala m'magalaja ambiri, ndipo nchofunika kuchidzudzula poyera. Galimoto ikayamba kutentha, makaniko ena amatsegula kanyumbako, nkuchotsa thermostat, nkuitaya, amvekere: "Izi adapangira maiko ozizira monga Japan, kuno nkotentha kale." Maganizo ameneŵa ngolakwika. Ngakhale ku Nsanje, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, mpweya sufika pa kutentha kumene injini imafuna. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri, oyilo amada msanga, ndipo zitsulo zimaperepeseka nthaŵi isanakwane. Kuwonjezera apo, pa injini zambiri thermostat ikamatsegula njira ya ku rediyeta imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini momwemo. Ikachotsedwa, kanjirako kamakhala kotseguka nthaŵi zonse, ndipo madzi ena amangozungulira osafika ku rediyeta. Motero mankhwala aja amasanduka matenda. Thermostat yokayikitsa iyenera kuyesedwa: kuimangirira ku kawaya, kuiviika mu mphika wa madzi uli pamoto osaigunditsa pansi, ndi kuona ngati ikutseguka madzi asanaŵire. Ikakana kutseguka, kapena ikakhala yotseguka ili yozizira, yatha ntchito, ndipo igulidwe ina ya nambala yomweyo.

Ntchito yosintha kanyumba siivuta, koma imafuna kudekha. Choyamba injini izizire kotheratu, pakuti kutsegula chitsekerero cha rediyeta ili yotentha kwawaula anthu ambiri nkhope ndi manja. Madzi akhuthulidwire m'beseni mpaka atatsika kupyola pamene pali kanyumbako. Kenaka paipi ivulidwe mopotokola pang'onopang'ono, osaitema ndi sikuludiraiva, ndipo ngati pali waya wa geji azulidwe mosamala. Mabauti amasulidwe mofatsa, chifukwa bauti ladzimbiri likaduka m'kati, ntchito ya ola limodzi imatenga tsiku lathunthu. Asanachotse thermostat yakale, mmisiri aonetsetse m'mene idakhalira: mbali ya sipuling'i imaloza ku injini, ndipo kaboo kotulutsira mpweya, ngati kalipo, kamakhala cha kumwamba.

Pamalo pokhala kanyumba papalidwe bwino mpaka zotsalira za gasiketi yakale zitachoka, koma popanda kukanda aluminiyamu. Gasiketi kapena kamphete ka labala kakhale katsopano. Kakale sikabwezedwa, ndipo kupaka silikoni wambiri nkudziputira mavuto, popeza wotsalayo amaduka nkukatseka timapaipi ta rediyeta. Mabauti amangidwe mosinthanasinthana, ili pang'ono, ilo pang'ono. Timabauti ta mamilimita 6 timangofuna mphamvu ya pafupifupi 10 Nm, imene ndi yochepa ndithu. Tinyumba tambiri tatsopano timang'aluka tsiku lomwelo chifukwa cha dzanja lolemera pa sipanala.

Pomaliza athiremo coolant wa mtundu umene buku la galimotoyo likunena. Ngati ndi wosasungunula, asakanizidwe theka ndi theka ndi madzi oyera opanda mchere. Coolant amateteza ku dzimbiri ndiponso amachedwetsa kuŵira, choncho ngofunika ngakhale kumene chisanu sichiumitsa madzi. Injini ilizidwe, hita atatsegulidwa, mpaka mpweya wonse utatuluka ndipo mapaipi onse aŵiri a rediyeta atatentha, kusonyeza kuti thermostat yatseguka. M'maŵa mwake, injini itazizira, madzi aonedwenso ndi kuwonjezeredwa. Coolant wakale asatayidwe pabwalo kapena pafupi ndi chitsime, chifukwa ndi chiphe chotsekemera chimene chingathe kupha mwana, galu kapena nkhuku.

Si mwini galimoto aliyense amene angagwire sipanala, koma aliyense ali ndi maso ndi pakamwa. Kutsegula boneti m'maŵa uliwonse injini isanalizidwe kumatenga mphindi ziŵiri zokha. Kamuvi ka geji kakayandikira pofiira, woyendetsa wanzeru amaima pomwepo ndi kuzimitsa injini, ngakhale okwera ang'ung'udze. Ndipo galimoto ikachoka ku galaja, mwini wake ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti aone kanyumba kakale kamene kachotsedwa, ndiponso kuti atsimikiziridwe kuti thermostat yabwezeredwa m'malo mwake. Paja safunsa adadya phula.