MUNTHU AMENE ANAFUNA KUFIKA KU MWEZI

Mlendo wofika pa msika wa Lundazi, akatha kugula nyemba ndi nshawa zace, sayenera kukwera basi asanaone nyumba ina yodabwitsa imene iri pafupi ndi damu. Nyumbayo ndi ya njerwa, iri ndi nsanja zobulungira ndi malinga, monga nyumba za mafumu a ku Ulaya a makedzana. Anaimangitsa ndi Bwana D.C. Errol Button pakati pa 1948 ndi 1952, kuti muzigona alendo. Ku Lundazi kunalibe nkhondo yofuna linga lotere. Mwini wace analota cabe. Koma popeza anali ndi mphamvu ya boma, ndiponso anthu oumba njerwa ndi omanga, loto lace linasanduka nyumba, ndipo iri ciimire kufikira lero.

Nkhani ya lero ndi ya munthu wina wa dziko lomwe lino, amene analota loto lalikuru koposa limenelo, koma analibe ndarama, analibe amisiri, analibenso boma lomthandiza. Dzina lace ndi Edward Mukuka Nkoloso. Mu 1964 iye analengeza kuti Zambia adzapambana America ndi Russia pa liwiro la ku Mwezi. Maiko ambiri anamseka, ndipo ena akali kumseka. Koma akuru anati, wamisala anaona nkhondo. Nkoyenera tsono kufunsa bwino ngati munthuyu anali wopenga, kapena anali kuona cinthu cimene anzace sanaciona.

Anthu a mtundu wace

Nkoloso sanali yekha pa dziko lapansi. Kuli mtundu wa anthu amene mitima yao ikondwa ndi nthano za m'tsogolo, ndizo nkhani zopeka zonena za makina amene sanapangidwe ndi maulendo amene sanayendedwe. Mu 1865 Mfalansa wina, Jules Verne, analemba buku la anthu amene anaponyedwa ku Mwezi ndi mzinga waukuru. Mu 1926 Hugo Gernsback anayamba kusindikiza ku America magazini ya nthano zotere zokha-zokha, yochedwa Amazing Stories. Iye anali kusindikizamonso makalata a owerenga pamodzi ndi makeyala ao. Motero anyamata amene yense anayesa kuti ali yekha anayamba kulemberana, nakhazikitsa timabungwe. Mu July 1939 anthu ngati 200 anakomana ku New York pa msonkhano wao woyamba waukuru. Mmodzi wa iwo, Forrest J Ackerman, mnyamata wa zaka 22, anafika atabvala zobvala zimene anati nza anthu a m'tsogolo. Misonkhano imeneyo ikali kucitika caka ndi caka.

Munthu wokonza misonkhano yotere sapanga makina. Nchito yace ndi kuitana anthu, kupeza malo, kulemba makalata, kupempha ndarama, ndi kupirira posekedwa. Komatu nthano zimenezi zinabala anthu amene anapanga makina eni-eni. Robert Goddard anaziwerenga ali mnyamata. Mu 1920 nyuzipepala ya New York Times inamnyoza cifukwa ananena kuti roketi ikhoza kufika ku Mwezi. Mu 1926 iye anaulutsa roketi yoyamba yoyenda ndi mafuta amadzi. Nyuzipepala ija inabweza mau ace mu July 1969, anthu atatu ali pa ulendo wa ku Mwezi, Goddard atamwalira kale.

Msilikari, mphunzitsi, mkaidi

Nkoloso anabadwa mu 1919 kumpoto kwa Northern Rhodesia, ku dziko la Abemba. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse analowa m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, nakhala sajeni pa nchito yotumiza mauthenga. Atabwerako ku nkhondo anakhala womasulira wa boma, ndiponso mphunzitsi. Anatsegula sukulu yace-yace, koma boma la Atsamunda linaitseka. Kuyambira pamenepo anadzipereka pa nkhondo ya ufulu. Anamangidwa mu 1956 ndi mu 1957, ndipo pambuyo pace anagwira nchito ya citetezo m'cipani ca UNIP ca Kenneth Kaunda.

M'caka comweco ca 1957, pa 4 October, a ku Russia anaponya m'mlengalenga kampira kacitsulo kochedwa Sputnik, kamene kanazungulira dziko kali kulira pa wailesi. Pa 12 April 1961 Yuri Gagarin anakhala munthu woyamba kuzungulira dziko m'combo. Mitundu iwiri yamphamvu inali pa mpikisano, ndipo Afrika anayesedwa woonerera cabe. Nkoloso anakana kukhala woonerera. Mu 1960 anakhazikitsa bungwe lace, nalicha Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy.

Sukulu ya pa famu

Pa famu ina yosiyidwa, makilomita 11 kucokera ku Lusaka, Nkoloso anasonkhanitsa acinyamata ngati 12, nawapatsa dzina lakuti Afronauts, ndiko kuti oyenda m'mlengalenga a mu Afrika. Mwini wace anali kubvala cisoti ca nkhondo ndi mwinjiro wolendewera kumsana. Maphunziro ao anali otere. Wophunzira analowa m'diramu la mafuta la malita 200, ndipo anzace analigubuduza pa citunda, kuti azolowere kugwedezeka ndi cizungulire. Anakweranso pa katungwe wa cingwe cacitali, kuti alawe kupepuka kwa thupi. Anaphunzira kuyenda ndi manja, pakuti mphunzitsi wao anati umo ndimo ayendera pa Mwezi.

Roketi yao inali ya mkuwa ndi aluminiyamu, yobulungira ngati diramu, yaitali mamita 3. Anaicha D-Kalu 1. Godfrey Mwango ndiye anasankhidwa kupita ku Mwezi. Ulendo waciwiri unali wa ku Mars, ndipo a pa ulendo umenewo anali mtsikana dzina lace Matha Mwamba, amphaka awiri, ndi mmishoni mmodzi. Tsiku loulutsa roketi linali 24 October 1964, tsiku la ufulu. Koma Nkoloso ananena kuti akuru okonza cikondwerero anamkaniza. Analembera bungwe la UNESCO kupempha £7,000,000. Ndaramazo sizinabwera. Boma latsopano linanena poyera kuti nchitoyo si yace. Ophunzira anabalalika mmodzi-mmodzi, ndipo Matha anatengedwa ndi makolo ace kubwerera kwao.

Zimene anakhoza ndi zimene analakwa

Inu a m'migodi mudziwa bwino cimene cicitika pamene cikepe ciyamba kutsika msanga: mimba ikwera m'mwamba, ndipo mapazi akhala ngati sali kuponda pansi. Kumeneko ndiko kupepuka kumene amva munthu wa m'combo cozungulira dziko, pakuti iye ndi combo cace ali kugwa pamodzi kosalekeza. Pa katungwe, cingwe cikafika pamwamba peni-peni, thupi lipepukanso kanthawi kocepa. A ku America anaphunzitsa anthu ao cinthu comweci m'ndege imene ikwera ndi kutsika modzidzimutsa, ndipo anali kupepuka masekondi ngati 25 nthawi iri yonse. Pa mfundo imeneyi mphunzitsi wa pa famu uja sanasokera. Za kuyenda ndi manja ndizo analakwa: pamene Neil Armstrong anaponda pa Mwezi mu July 1969, anayenda ndi miyendo monga munthu ali yense.

Bvuto lalikuru linali mtunda ndi liwiro. Kucokera ku Lusaka kufika ku Lundazi, kudzera pa Chipata, ndi makilomita ngati 750, ulendo wa tsiku lonse pa basi. Mwezi uli pa makilomita 384,000, ndiko kunena kuti ulendo wa ku Lundazi kuuyenda ka 500. Ndipo kuti cinthu cithawe mphamvu imene dziko likokera zinthu zonse pansi, ciyenera kuthamanga makilomita ngati 40,000 pa ora limodzi. Roketi imene inanyamula Armstrong ndi anzace inali yaitali mamita 110, ndipo anthu ngati 400,000 anagwirako nchito ya ulendowo. Zambia pa tsiku la ufulu anali ndi Aafrika ngati 100 okha amene anatsiriza maphunziro a yunivesite. Mutu umodzi susenza denga. Nanga denga lotere akanalisenza bwanji anthu 12?

Apa ndipo pali kusiyana kwa linga la ku Lundazi ndi roketi ya ku Lusaka. Zonse ziwiri zinabadwa m'mutu wa munthu mmodzi wokonda zacilendo. Loto la Bwana D.C. linafuna njerwa ndi manja, ndipo iye anali nazo. Loto la Nkoloso linafuna cuma, masukulu ndi amisiri, zimene anthu a dziko lino anali asanapatsidwe m'zaka zonse za Atsamunda.

Kodi anali kuseka yani?

Olemba nyuzi a ku America ndi ku England anabwera ndi makamera, najambula diramu liri kugubuduka, nabwerera kwao ali kuseka. Koma pali mau ena a Nkoloso amene ayenera kuwalingalira bwino. Iye ananena kuti anayang'ana Mars ndi magalasi oonera kutali, napeza kuti kumeneko kuli anthu osatsegula maso. Ndipo anati analangiza mmishoni wace kuti asakakamize eni dzikolo kulowa Cikristu ngati iwo safuna. Munthu amene anakulira pansi pa Atsamunda, namangidwa nao kawiri, sakananena mau otere mwangozi. Umo ndimo Azungu analankhulira za Aafrika. Nkutheka ndithu kuti pamene alendowo anali kumseka, iyenso anali kuwaseka.

Mlembi wa ku Zambia, Namwali Serpell, anafufuza mbiriyi, nasindikiza zimene anapeza mu 2017. Iye anaonetsa kuti munthuyu anali wa ndale wocenjera, wodziwa kukopa maso a anthu. Mwana wa Nkoloso anamuuza kuti maphunziro a pa famu paja anali okonzeranso acinyamata nkhondo ya ufulu. Boma la Kaunda silinamyesa wopenga. Linampatsa udindo pa Liberation Centre mu Lusaka, pamene panali maofesi a omenyera ufulu a ku Mozambique, Angola, Rhodesia ndi South Africa. Anakhalanso mtsogoleri wa bungwe la asilikari akale ku Ndola. Mu 1983, ali ndi zaka zoposa 60, analandira digiri ya malamulo pa University of Zambia. Anamwalira pa 4 March 1989, naikidwa m'manda ndi ulemu wa boma.

Zimene zinatsala

Roketi ya D-Kalu sinauluka. Koma zaka 10 zitapita cilandirire ufulu, mu 1974, Zambia anatsegula siteshoni ya Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, yolankhulana ndi maiko akutali kudzera m'makina ozungulira m'mlengalenga. Zimene anthu anaziyesa nthano zinalowa m'nchito ya masiku onse ya lamya ndi wailesi.

Ndipo dzina lija lakuti Afronauts silinafa. Mu 2012 wojambula wa ku Spain, Cristina de Middel, anaturutsa buku la zithunzi la dzina limenelo. Mu 2014 Frances Bodomo wa ku Ghana anapanga kanema wa mbiri yomweyo. Mu 2019 Serpell anaika Nkoloso ndi Matha m'buku lace lochedwa The Old Drift, ndipo mu 2020 bukulo linalandira mphotho ya Arthur C. Clarke, imene ipatsidwa ku England kwa buku lopambana la nthano za m'tsogolo. Kutsidya kwa malire, ku Lilongwe, Shadreck Chikoti anayamba kusonkhanitsa alembi m'bungwe la Story Club, ndipo mu 2015 anaturutsa buku lace Azotus the Kingdom, lonena za Afrika wa zaka 500 zirinkudza. Nchito ya kuitana anthu kuti aganize pamodzi za m'tsogolo yapeza eni ace ena.

Tsono yankho la funso lija ndi ili. Nkoloso analibe roketi yoti nkufika ku Mwezi, ndipo masamu ace anali operewera. Cimene anali naco ndi kulimba mtima kwa kunena pamaso pa maiko onse kuti mwana wa mu Afrika ali ndi gawo m'zinthu za m'tsogolo, pa nthawi imene ambiri sanayembekeza kumva mau otere. M'makomboni a ku migodi ndi m'midzi muli ana amene afunsa mafunso a nyenyezi, namanga ndege za mawaya ndi zitini. Kumseka mwana wotere nkwapafupi. Cimene asowa iye ndi cimene anasowa Nkoloso: buku la masamu, mphunzitsi woleza mtima, ndi anzace oganiza naye pamodzi.