Malasha anakweza lendi ku Moatize



Lero ndiyankhule za pogona. Kampani ya Vale itayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, alendo anadzadza tauni. Eni nyumba anaona kuti wa ku mgodi salira mtengo, basi lendi n'kukwera. Nanga mphunzitsi kapena mayi wogulitsa tomato akanapikisana naye bwanji? Ambiri anakankhidwira kumphepete.

A ku Chipanga ndiye anaona zakuda. Mu 2009 ndi 2010 mabanja oposa 700, a kumeneko ndi midzi yoyandikana, anasamutsidwira ku Cateme, makilomita pafupifupi 40. Nyumba zina zinang'aluka zikadali zatsopano, minda ina miyala yokhayokha. Mu Januwale 2012 anthuwo anatseka njanji. Vale inagulitsa mgodi mu 2022 n'kumapita, iwo akadali komweko.

Tsono ife kuno ku Zóbuè, wina akabwera ndi chikwama kufuna malo a m'mbali mwa msewu, tisathamangire. Lamulo la 1997 likuti nthaka sigulitsidwa, ndipo wolima pamalo zaka 10 popanda mkangano ali nawo ufulu, ngakhale alibe pepala la DUAT. Itanani amfumu ndi mboni musanasayine kalikonse.