Iain Macleod, Nduna Imene Inatsegula Ndende ya ku Gwelo

Kwa Tengani, m'boma la Nsanje limene kale linkatchedwa Port Herald, zaka za Chitaganya zimakumbukika chifukwa cha malamulo a malimidwe. Anthu a m'chigwa cha Shire anali kukakamizidwa kupanga mizere m'minda mwao, ndipo okana anali kulipitsidwa kapena kumangidwa. Mkwiyo wotere unali m'maboma ambiri, kufikira pa 3 March 1959 pamene Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti. Dr. H. Kamuzu Banda anatengedwa kupita ku ndende ya ku Gwelo, ku Southern Rhodesia, ndipo anthu 51 anaphedwa, 20 mwa iwo pa Nkhata Bay. Munthu amene anadzamasula mfundo imeneyi anali nduna ya chipani cha Conservative, chipani chomwecho chimene chinakhazikitsa Chitaganya mu 1953. Dzina lao linali Iain Macleod.

A Macleod anabadwa pa 11 November 1913 ku Skipton, ku England, koma makolo ao anali ochokera pa chilumba cha Lewis ku Scotland. Bambo ao anali dotolo. Ku Cambridge anatchuka ndi masewera a makhadi otchedwa bridge koposa maphunziro, ndipo kwa kanthawi masewerawo ndiwo anali kuwadyetsa. Mu 1940 anavulazidwa ntchafu pa nkhondo ku France. Pambuyo pake anagwidwa ndi matenda oumitsa msana, kotero kuti moyo wao wonse wa ndale anaukhala ali ndi ululu.

Analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1950, ndipo mu 1952 Winston Churchill, atawamva akutsutsana ndi Aneurin Bevan, anawapatsa unduna wa za umoyo. Mu 1954 anauza atolankhani kuti fodya ali ndi mbali pa khansa ya m'mapapo, iwo eni ndudu ili pakamwa. Kenaka anakhala nduna ya za ntchito, mpaka mu October 1959 pamene Harold Macmillan anawaika kuyang'anira maiko olamulidwa ndi Britain.

Apa ndipo panagona nkhani. Bungwe la woweruza Devlin linali litanena kale kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. A Macleod anaona kuti palibe kukambirana kumene kungapindule mtsogoleri amene anthu amamumvera ali m'ndende. Bwanamkubwa Armitage anaopa kuti kumasula Dr. Banda kudzadzetsa chipolowe. Sir Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya, anakana kwa mtu wa galu. Ngakhale Macmillan anayamba kukayika. Mu February 1960 a Macleod anaopseza kuti atula pansi udindo, ndipo boma linagonja. Pa 1 April 1960 Dr. Banda anatulutsidwa nakumana ndi ndunayo ku Zomba. Chipolowe chimene ambiri analosera sichinaoneke.

Zotsatira zake zinabwera mofulumira. Pa msonkhano wa ku Lancaster House, mu July ndi August 1960, anagwirizana kuti Aafirika akhale ochuluka m'Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba. Pa chisankho cha mu August 1961, ngakhale kuti si onse amene analoledwa kuponya voti, chipani cha Malawi Congress chinapeza mipando 22 mwa 28. Kuyambira pamenepo Chitaganya chinali chitathyoka msana.

Kwao ku Britain a Macleod analipira mtengo wake. Lord Salisbury anawanyoza poyera mu 1961 kuti ndi munthu wochenjeretsa, wonyenga azungu a mu Africa monga amachitira wa makhadi, ndipo chitonzo chimenecho chinawakanirira. Iwo anadzalongosola pambuyo pake kuti njira ina iliyonse ikadakhetsa mwazi wambiri. Mu October 1961 anachotsedwa pa undunawo napatsidwa ntchito zina. Mu 1963 anakana kutumikira m'boma la Sir Alec Douglas-Home, nakhala mkonzi wa magazini ya The Spectator.

Chipani chao chitapambana mu June 1970, Edward Heath anawasankha kukhala nduna ya za chuma. Anagwira ntchitoyo mwezi umodzi wokha. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 20 July 1970, ali ndi zaka 56, Malawi atatha zaka 6 akudzilamulira yekha.