Adzatitungira Madzi Ndani?



Lero ndi tsiku lachikondwerero, koma ife a komiti tapempha kamphindi kuti tikuuzeni zimene taona poyendera odwala m'midzi yathu ya m'mbali mwa Chilwa, kuyambira ku Kachulu mpaka ku Likangala.

Mwezi wathawu tinaloŵa m'nyumba ya gogo ŵina amene anagona masiku aŵiri osadya. Ufa unalipo, koma mtsuko unali gwa, ndipo mjigo uli kutali. Gogoyu anabereka ana 8. Asanu anatsogola, aŵiri ali ku Joni, mmodzi ali ku Blantyre. Pobwerera tinafunsana kuti, ngati mayi wa ana 8 akusoŵa womutungira madzi, nanga ana athuŵa amene akubereka atatu kapena anayi zidzaŵathera bwanji?

Ofesi yoŵerenga anthu ili ku Zomba konkuno. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'Malaŵi muno, ndipo wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Tachulukadi. Koma uchembere ukutsika. Mu 1992 mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7, pamene pofika 2016 anali ana 4 kapena 5. Maiko ena anatsogola kale panjira imeneyi. Anthu padziko lonse anakwana 8 biliyoni mu 2022, koma chaka chomwecho chiŵerengero cha anthu a ku China chinayamba kutsika. Ku Japan, pa anthu 10 alionse pafupifupi atatu anapitirira zaka 65, ndipo sukulu zambiri zakumudzi zinatsekedwa chifukwa chosoŵa ana.

Kwathu kuno sitinafikepo, pakuti mu 2018 theka la anthu a m'Malaŵi anali osakwana zaka 18. Komabe kumudzi ukalamba wayamba kale kupweteka. Nyanja yathuyi inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018. Ikaphwa, matemba ndi milamba zimasoŵa, anyamata amasiya mabwato pamatope napita kukafuna ganyu kutali, ndipo ambiri sabweranso. Pakhomo pamatsala agogo ndi tidzukulu.

Amayi anzathu, musatimve molakwa. Sitikunena kuti tisiye kulera. Tikukumbuka anzathu amene tinaŵaika m'manda chifukwa cha uchembere wa pafupipafupi, ndipo munda umene amayi athu ankalima okha lero tagaŵana anthu asanu. Chimene tikunena nchakuti kale mwana ndiye anali nkhokwe ya ukalamba, koma lero nkhokweyo yachepa, ndiponso ili kutali.

Boma limathandiza mabanja ena ndi ndalama za Mtukula Pakhomo, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Tikuthokoza. Koma lamulo silisenza mtsuko, ndipo ndalama ya pafoni siyisonkha moto.

Nchifukwa chake tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, mlaga uliwonse ulembe maina a okalamba okhala okha, ndipo amayi aŵiri aziŵayendera mlungu uliwonse atatenga ndowa ya madzi ndi mtolo wa nkhuni. Chachiŵiri, pokolola mpunga aliyense apatule mbale imodzi, ndipo mvula isanagwe tipemphe abambo akafolere madenga aŵo. Chachitatu, tikamva wina akutchula gogo kuti mfiti, tisakhale chete. Tikanene kwa amfumu tsiku lomwelo. Kuiŵalaiŵala ndi kulankhula wekha ndi ukalamba chabe, si ufiti ayi.

Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ife tikuwonjeza kuti mayi wa mnzako ngwakonso. Ambiri tili muno imvi zayamba kale, ndipo atsikana athu akuona mmene tikuchitira. Chimene adzaone kwa ife ndi chimene adzatichitire.

Gogo uja tinamuphikira phala, ndipo Lachinayi likudzali tikupitanso. Amene ali ndi ndowa atiperekeze.