Chikumbutso Chokwatitsa Mwana Wamasiye

Abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano ndi Akhristu onse a kuno ku Chitungwiza:

Mu 1912, pamene Mbusa T.C.B. Vlok anafika ku Salisbury kudzasamala anthu a ku Nyasaland amene anabwera kudzagwira ntchito, mumzindawo munali kale alendo ena, Ayuda, amene mpingo wao unayamba mu 1895. Lero atsala oŵerengeka m'dziko muno, koma Ayuda ali ndi mwambo wina woyenera kuuganizira pa tsiku lokumbukira amene anatsogola.

Mwambowo amautcha hachnasat kallah, ndiko kunena kuloŵetsa mkwatibwi mu ukwati. Kale pakati pao mtsikana ankapita ku banja ndi chuma chochokera kwa atate wake, kotero kuti mwana wa mmphaŵi ankakalambira pakhomo. Chifukwa chake aphunzitsi ao analamula, m'buku la Mishnah lolembedwa cha m'ma 200, kuti mkwatibwi wamasiye apatsidwe ndalama zotchedwa zuz zosachepera 50 kuchokera m'thumba la osauka. Anatinso wamasiye wamwamuna ndi wamkazi akafika pamodzi kudzapempha, wamkaziyo ayambe kuthandizidwa, pakuti manyazi ake ndi aakulu. Ku Amsterdam, Ayuda ochokera ku Portugal anakhazikitsa bungwe lotchedwa Dotar mu 1615, lochita maere pa nyengo ya Purimu posankha atsikana olandira thandizo.

Tsono chachikulu ndi ichi. Tsiku limene kholo linamwalira likakwana chaka ndi chaka, Myuda amayatsa kandulo napereka mphatso kwa osoŵa m'dzina la womwalirayo, ndipo ambiri amasankha thumba la akwatibwi. Maliro ndi ukwati sizitalikirana m'maganizo ao. Oŵerenga Genesis adzakumbukira kuti Isake sanatonthozedwe pa imfa ya Sara kufikira Rebeka ataloŵa m'hema wa mayi wakeyo.

Kuno zinthu nzosiyana, pakuti mwamuna ndiye apereka roora monga mwa mwambo wa Ashona. Komabe ku Zengeza, ku Seke ndi ku St Mary's kuli zidzukulu za anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu zimene zilibe mudzi, zilibe malume woti nkukhala nkhoswe, zilibe ngakhale zakhali wogula poto. Mtsikana wotere, poona kuti ukwati wa m'tchalitchi ufuna diresi, chakudya ndi ziŵiya, amangothaŵira kwa mwamuna usiku. M'maŵa mwake mpingo womwe uja unamubatiza umuimika pa mgonero, osafunsa kuti anasoŵa chiyani. Mlandu wake suli wa iye yekha.

Pamene izi zili chomwecho, mabanja amasonkha chaka chathunthu kuti amange chiliza, naphika mpunga ndi nkhuku za tsiku limodzi. Chiliza sicholakwa, ndipo palibe amene akuti chilekeke. Koma banja lingathe kupatula gawo la zoperekazo, kulipereka kwa amayi a Chigwirizano m'dzina la mayi kapena gogo amene anapita, kuti ligule mabulangete, mapoto, mbale ndi nsalu za mkwatibwi wamasiye mmodzi. Dzina la womwalirayo lilembedwe m'buku la mpingo ndi kuŵerengedwa pamaso pa onse. La mtsikanayo lidziŵike kwa amayi aŵiri kapena atatu okha, ndipo katunduyo akafike kwao madzulo, anansi asanayambe kusuzumira.