Mtsikana wa M'sitolo ndi Mwana wa Bwana: Mbiri ya Zisudzo Zoimba za ku Britain

[Nyimbo yotsegulira pulogalamu]

Pulogalamu ya lero ikufotokoza mbiri ya zisudzo zimene Angerezi amazitcha musical comedy, omwe ndi masewero oseketsa amene ochita zisudzo amalankhula monga mwa masiku onse, koma nkhani ikafika pokoma kapena pothina amayamba kuimba ndi kuvina, ndipo nyimbo ikatha amabwereranso ku zolankhula. Zisudzozi zimasiyana ndi opera, imene kawirikawiri imaimbidwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, komanso ndi music hall, malo amene oimba ndi anthabwala ankasinthanasinthana pansanja popanda nkhani imodzi yowalumikiza. Nthabwala yaikulu ya zisudzozi yakhala imodzimodzi kwa zaka zoposa 200, ndipo imakhudza zomwe zimachitika munthu wamba akalowa m'nyumba ya olemekezeka, kapena wolemekezeka akapezeka kuti sasiyana ndi amene amawanyoza.

Mizu yake ili m'chaka cha 1728, pamene sewero la John Gay lotchedwa The Beggar's Opera linaonetsedwa maulendo 62 mumzinda wa London, chinthu chomwe pa nthawiyo chinali chodabwitsa. Gay anatenga nyimbo zimene anthu ankaimba kale m'misewu n'kuziika mawu atsopano, ndipo anthu a m'sewero lake anali achifwamba, akazi oyendayenda ndi oyang'anira ndende, amene zochita zawo zinkafanana mwadala ndi za andale, makamaka nduna yaikulu Robert Walpole. Sewero lotsatira la Gay, Polly, linaletsedwa, ndipo mu 1737 nyumba ya malamulo inalamula kuti sewero lililonse latsopano lizivomerezedwa kaye ndi Lord Chamberlain, mkulu wa kunyumba yachifumu. Ulamuliro umenewu unatha mu 1968, ndipo pa zaka zonsezo olemba anazolowera kuseka akuluakulu mokuluwika.

Akatswiri a kuseka kotereku anali W. S. Gilbert, wolemba mawu, ndi Arthur Sullivan, wopeka nyimbo, amene analemba limodzi masewero 14 pakati pa 1871 ndi 1896. Mu H.M.S. Pinafore, la mu 1878, mwana wamkazi wa kaputeni wa sitima yankhondo akonda msilikali wamba wa m'sitimamo, ndipo ukwati wawo utheka pokhapo zitadziwika kuti kaputeniyo ndi msilikaliyo anasinthanitsidwa ali makanda. Mwini bizinesi wawo, Richard D'Oyly Carte, anawamangira mu 1881 nyumba ya zisudzo ya Savoy, yomwe inatchuka chifukwa chowalitsidwa yonse ndi magetsi, ndipo mabanja odzilemekeza, amene kale ankaona zisudzo ngati malo a makhalidwe oipa, anayamba kupitako mosachita manyazi.

Komabe musical comedy weniweni anamuumba ndi George Edwardes, amene anaphunzira ntchito kwa Carte asanatenge nyumba ya zisudzo ya Gaiety. Edwardes anazindikira kuti London anali atadzaza ndi makalaliki, ogulitsa m'masitolo akuluakulu ndi anthu ena olandira malipiro apamwezi, amene ankafuna zosangalatsa zaulemu kuposa za music hall koma zopepuka kuposa za Savoy. M'masewero monga In Town la mu 1892, A Gaiety Girl la mu 1893 ndi The Shop Girl la mu 1894, iye anachotsa zovala zamakedzana n'kuveka ochita zisudzo mafashoni a chaka chomwecho, kotero kuti amayi ambiri ankapita kukaonera madiresi pamodzi ndi sewero. Kapangidwe ka masewerowa kanali kosavuta: nkhani yachikondi yosalemera, wanthabwala mmodzi kapena awiri opatsidwa mpata wowonjezera zawo, gulu la atsikana ovina lotchedwa Gaiety Girls, ndi nyimbo zopekedwa ndi anthu angapo, monga Ivan Caryll ndi Lionel Monckton. Popeza nyimbozo sizinkanyamula nkhani, zinkatha kuchotsedwa n'kulowetsapo zatsopano sewero lili mkati mwa nyengo yake, cholinga chili chakuti amene anaonera kale abwerenso.

Chofooka cha masewerowa n'chakuti ankasewera ndi kusiyana kwa anthu popanda kukutsutsa. Mu The Shop Girl, mtsikana wa m'sitolo amakwatiwadi ndi mnyamata wa banja lapamwamba, koma nkhani imaululanso kuti mtsikanayo ndi mwini chuma chamasiye cha mpondamatiki, motero dongosolo la dziko limatsala lili chilili. Loto limeneli nthawi zina linkapherezera kunja kwa nsanja, pakuti Rosie Boote wa ku Gaiety anakwatiwa ndi munthu wolemekezeka, Marquess of Headfort, mu 1901. Masewero ena, monga The Geisha la mu 1896, ankaonetsa anthu a ku Asia mwachibwana, Azungu atavala ngati iwo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe saonetsedwa kawirikawiri masiku ano. Chu Chin Chow, lozikidwa pa nthano ya Ali Baba, linayamba mu 1916 nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, ndipo linaonetsedwa maulendo 2,238, asilikali obwera kutchuthi ali pakati pa odzaza holo.

[Nyimbo]

Omvera amene angotsegula kumene wailesi adziwe kuti nkhani ili mkatiyi ndi ya zisudzo zoimba za ku Britain, ndipo tsopano yafika pa kanema. Mu 1927 boma linakhazikitsa lamulo lokakamiza nyumba zoonetsera kanema kuti gawo lina la mafilimu awo likhale lopangidwa ku Britain, ndipo patangopita zaka ziwiri mafilimu olankhula anayamba kupangidwa m'dzikomo. Zinthu ziwirizi zinapereka mwayi kwa oimba a music hall ochokera kumpoto kwa England, dera la mafakitale, amene kalankhulidwe kawo kankanyozeka ku London. Ku Britain katchulidwe ka mawu kamaulula dera ndi banja limene munthu akuchokera, choncho kumva Gracie Fields wa ku Rochdale akulankhula monga mwa kwawo, ali mwini filimu osati wantchito wongodutsa, chinali chinthu chachilendo. Mu Sing As We Go, filimu ya mu 1934 imene nkhani yake analemba J. B. Priestley, Fields ndi mtsikana wochotsedwa ntchito fakitale yoomba nsalu itatsekedwa, amene akukasaka ganyu ku Blackpool, ndipo oonera ambiri a nthawiyo, imene kunali ulova waukulu, ankadziona okha mwa iye. George Formby wa ku Wigan, woimba kabanjo kakang'ono, ankasewera mnyamata wooneka wopusa koma wopambana pamapeto. Atapita ku South Africa mu 1946 anaimbiranso anthu akuda, zomwe zinakwiyitsa olimbikitsa tsankho.

Pansanja, sewero lomwe linatembenuza nthabwala yakaleyo ndi Me and My Girl la mu 1937, lokhala ndi nyimbo za Noel Gay, momwe Lupino Lane ankasewera Bill Snibson, mnyamata wa dera losauka la Lambeth wopezeka kuti ndiye wolowa ufumu wa banja lolemekezeka. Achibale ake atsopano ayesetsa kumuphunzitsa makhalidwe awo, koma iye akana kusiya bwenzi lake Sally, mpaka olemekezekawo ndi amene ayamba kuvina gule wa kwawo kwa Bill, The Lambeth Walk.

Nkhondo yachiwiri itatha, sewero la ku America la Oklahoma! linafika ku nyumba ya zisudzo ya Drury Lane ku London mu 1947 ndi njira yomwe nyimbo ndi magule zimapititsa nkhani patsogolo, ndipo masewero a ku Britain anaoneka okalamba. Ena anathawira ku zokumbutsa zakale, monga The Boy Friend la Sandy Wilson, koma yankho lamphamvu linachokera kum'mawa kwa London, kumene Joan Littlewood anabwezeretsa ukali wa music hall mu Oh, What a Lovely War! la mu 1963, lonyoza akuluakulu a asilikali a nkhondo yoyamba. Lionel Bart, amene anagwirapo ntchito ndi Littlewood, analemba Oliver! mu 1960 kuchokera m'buku la Charles Dickens, ndipo filimu yake ya mu 1968, yotsogoleredwa ndi Carol Reed, inapata mphoto ya Oscar ya filimu yopambana zonse.

Masewero a Andrew Lloyd Webber, monga Cats la mu 1981 ndi The Phantom of the Opera la mu 1986, anagonjetsa misika ya dziko lonse, koma amaimbidwa pafupifupi onse ndipo nthabwala mulibe zambiri. M'zaka zomwezo Me and My Girl linabwerera ku London mu 1985, mawu ake atakonzedwanso ndi Stephen Fry, pamene Robert Lindsay ndi Emma Thompson ankasewera mbali zazikulu, ndipo linakhala pansanja zaka zisanu ndi zitatu.

[Nyimbo yotsekera pulogalamu]