Mawu a mlendo wolemekezeka potsegulira maphunziro a judo ndi karate kwa okwera njinga



Anthu ambiri akamva za judo ndi karate, maganizo awo amathamangira ku zibakera ndi mateche a m'mafilimu. Kwa wokwera njinga, phindu la masewerawa lili pa kudziwa kugwa, kutulutsa mawu ndi kuchoka pangozi ali wathunthu. Judo, imene Jigoro Kano adaiyambitsa ku Tokyo mu 1882, imayamba ndi luso logwa osavulala, ndipo wophunzira amagwa kambirimbiri asanaloledwe kugwetsa mnzake. Wakabaza aliyense pano akudziwa mmene ngozi imabwerera. Minibasi yakupanikizira kumapeto kwa phula, tayala lakutsogolo latitimira mumchenga, chiwongolero chapotoka. Munthu wosaphunzitsidwa amatambasula dzanja kuti atchinge, ndipo apo m'pamene mkono umathyokera. Wophunzitsidwa amabweza chibwano pachifuwa, kupinda mkono n'kugubuduka ndi phewa, mutu osagunda pansi. Amene wasupuka chigongono amabwerera pasiteji mawa lake, pomwe womangidwa chikhakha amakhala masabata angapo, ana ake akugona ndi njala.

Kwa amayi ndi atsikana, msewu uli ndi mavuto ena oonjezera: miluzu, kukuwizidwa, mwamuna kugwira kaliyala kuti njinga iime, mwinanso dzanja kufika pathupi. Tisaiwale kuti mu Januwale 2012 amayi adavulidwa poyera ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa chovala mabuluku. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 lidaletsa nkhanza zamtundu wotere, koma wapolisi sapezeka pamphambano iliyonse dzuwa likamalowa. Apa tili ndi umboni wa kwathu konkuno woti kuphunzira kudziteteza kumathandiza. Bungwe la Ujamaa Pamodzi lidaphunzitsa atsikana a m'sukulu za ku Lilongwe, Dedza ndi Salima njira zodzitetezera, ndipo kafukufuku amene adatuluka mu 2018 adapeza kuti nkhanza zogwirira zidatsika pakati pa atsikana ophunzitsidwawo. Mbali yaikulu ya maphunziro awo idali kuzindikira ngozi msanga ndi kukana mwamphamvu. Mtsikana amene wayeserapo kukuwa kuti "Ndisiye!" ali ndi anzake pabwalo, mawu sauma pakhosi tsiku limene akuwafunadi.

Ena akuti tikusenzetsa katundu wolakwiridwa m'malo mogwira wolakwa. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo ndinene mosabisa: mayi akachitidwa chipongwe pamsewu, mlandu wonse ndi wa wochita chipongweyo, kaya mayiyo adaphunzira karate kaya ayi. Koma mtsikana amapalasa kupita kusukulu m'mawa uliwonse, ndipo sitingamuuze kuti adikire mpaka amuna onse asinthe mtima. Ntchito ziwirizi, kuphunzitsa amayi ndi kugwira olakwa, ziyendere limodzi, n'chifukwa chake mafumu ndi apolisi a Victim Support Unit akufunika pabwalo lino.

Enanso akuopa kuti anyamata akabaza ayamba ndewu polimbirana makasitomala. Amene adaonapo bwalo la judo akudziwa kuti ophunzira amagwadirana asanayambe ndiponso akamaliza, ndipo mphunzitsi wabwino amathamangitsa aliyense wopita ndi lusoli kukamenya anthu. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'kudzikhulupirira kopitirira muyeso. Abale anga akabaza, chigawenga chikakusololerani chikwanje usiku, palibe lamba wakuda amene amatchinga chitsulo. Isiyeni njingayo, thawirani kumene kuli anthu, kanenani kupolisi. Ndikudziwa kuti njingayo mwina mudaitenga pangongole, koma ngongole imabwezedwa ndi munthu wamoyo. Aphunzitsi, mfundo imeneyi muibwereze tsiku lililonse, ndipo kalasi ya amayi muikonze masana, kuti asabwerere kwawo mumdima.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunzirowa atsegulidwa.